Matenda a Shuga: Chakudya Kapena Mankhwala?

Amayi anzanga a ku Sharpevale, m'sewero lija mwamva mayi wina akuti, "Bola ndikumwa mapiritsi, ndidya chimene ndifuna." Mnzake anati, "Ine mapiritsi ndasiya, ndizingodya masamba." Onse awiri analakwitsa.

Kunenepa kwambiri kumalepheretsa thupi kugwiritsa bwino ntchito insulin, motero shuga amachuluka m'magazi. Munthu amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, ndipo zilonda zimachedwa kupola. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse m'Malawi anali ndi matendawa.

Kusamala chakudya sikulira ndalama zambiri. Phikani nsima ya mgaiwa, koma muchepetse mitanda. Chulutsani nkhwani, bonongwe, nyemba ndi usipa. Chepetsani mandasi, zakumwa zotsekemera ndi shuga wa mu tiyi. Vuto lake nlakuti pamafunika kupirira tsiku ndi tsiku, ngakhale pa ukwati.

Mapiritsi a metformin amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, monga cha ku Ntcheu. Komabe ulendo wokatenga umadya ndalama, ndipo ena amatsekula m'mimba akangoyamba kumwa. Musawasiye panokha, chifukwa shuga akakwera amaononga maso, impso ndi mapazi.

Kwa ena kusintha kadyedwe kumakwanira poyamba, koma wonena zimenezi ndi dokotala atakuyezani. Kwa ambiri, chakudya ndi mankhwala zili ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo imodzi.

Mukabwera ku sikelo, funsani kumene mungayezetse shuga, makamaka ngati munaberekapo mwana woposa makilogalamu 4.