THANDIZO LA NDALAMA KWA OPHUNZIRA OFUFUZA NTHENDA

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'masukulu a kumidzi)

Aphunzitsi onse a kumidzi adziwa mayankho amene ana amapereka pofunsidwa za nchito imene afuna kudzagwira atakula. Wina afuna uphunzitsi, wina unamwino, wina kuyendetsa galimoto, ndipo wopambana anzace m'kalasi achula udotolo. Koma iripo nchito yina imene ana saichula, pakuti sanaonepo munthu woigwira, ndiyo nchito ya kufufuza nthenda. Dotolo wa m'cipatala apatsa wodwala mankhwala amene alipo kale. Wofufuza ndiye afunafuna cimene cidwalitsa anthu, njira imene cilowera m'thupi, ndi mankhwala amene sanapezeke. Nkhani ya lero iri ya anthu otere, makamaka ya ndalama zimene ziwasunga pa zaka za kuphunzira kwao.

Njira ya wofufuza ndi yaitali. Atatha sukulu ya pulaimale ndi ya sekondale, alowa yunivesite nalandira digiri yoyamba. Pamenepo anzace ambiri alowa nchito nayamba kulandira malipiro, koma iye atsala, kuti aphunzire caka cimodzi kapena ziwiri za digiri yaciwiri, ndi zina zitatu kapena zinai za digiri yapamwamba imene aicha PhD. Zaka zimenezi akhala m'labotale, napima magazi, naweta tizirombo m'timbale, nalemba zonse zimene aona. Malipiro alibe. Kumudzi makolo ace anagulitsa ng'ombe kapena mtedza kuti iye aphunzire, ndipo tsopano ayembekeza kuti alipirire ang'ono ace sukulu. Wophunzira wanzeru akhoza kusiyira njira pamenepa, ngakhale nzeru zace zisanathe.

Cifukwa ca ici anthu ena acuma, maboma ndi mabungwe anaika padera ndalama zochedwa sikolashipi. Kawirikawiri ndalamazi zilipira sukulu, cakudya ndi pogona, ulendo, ndi zina mwa zipangizo za m'labotale. Si ngongole ai. Cimene zigula kweni-kweni ndico nthawi, kuti munthu mmodzi akhale zaka zingapo pa funso limodzi osadera nkhawa za ufa.

Citsanzo cace ciri ndi dzina lodziwika kwa oyenda pa mseu wa pakati pa Lusaka ndi Chipata, pakuti mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa ndi ndalama za Beit Trust. Alfred Beit analemera ndi migodi ya daimondi ndi ya golidi ku South Africa, kumene anthu akuda osawerengeka anakhetsa thukuta, ndipo anamwalira mu 1906. Mu 1909 mng'ono wace, Otto Beit, anaika thumba lina lomkumbukira, lochedwa Beit Memorial Fellowships, lothandiza acinyamata ofufuza za nthenda ku Britain. Thumbalo linagwira nchito zaka 100, kufikira mu 2009 pamene linaperekedwa m'manja mwa Wellcome Trust.

Mmodzi wa amene anathandizidwa nalo ndiye Macfarlane Burnet wa ku Australia. Iye anaphunzira pa Lister Institute ku London, nalandira PhD mu 1928. Pambuyo pace anakonza bwino njira yowetera tizirombo ta cimfine m'mazira a nkhuku, ndipo kufikira lero katemera wambiri wa cimfine apangidwa m'mazira. Mu 1960 analandira mphotho ya Nobel. Wina ndiye Frederick Sanger wa ku Cambridge, amene thumbalo linamsunga kuyambira 1944 kufikira 1951. Iye anafuna kudziwa mapangidwe a insulin, mankhwala osunga moyo wa odwala nthenda ya shuga. Insulin iri ngati mkanda wa timikanda 51, ndipo Sanger anafuna kudziwa kamene kayamba ndi kamene katsata, kufikira kotsiriza. Anatsiriza mu 1955, zitapita zaka zoposa 10, nalandira mphotho ya Nobel mu 1958, ndiponso yaciwiri mu 1980. Pamene ndalamazo zinathera, nchitoyo inali yosatha. Wowerengera phindu msanga akadati zinatayika. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kwa wofufuza kufuna wina womdyetsa.

Anthu awiriwa anali a maiko akutali, ndipo kwa zaka zambiri ofufuza nthenda za mu Africa analinso alendo. Nthenda ya kaodzera isonyeza cimeneci. Mu 1910 Stephens ndi Fantham a ku Liverpool anapima magazi a munthu amene anatenga nthendayi m'cigwa ca Luangwa, napeza mtundu watsopano wa kacirombo, umene anaucha rhodesiense. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, pogwira nchito m'cigwa comweco, anatsimikiza kuti nchenche ya kashembe ndiyo inyamula kacirombo kameneka. Kamakhala m'magazi a nyama za m'thengo monga mbawala, ndi a ng'ombe. Poyamba wodwala aoneka ngati ali ndi malungo. Pambuyo pace kacirombo kalowa mu ubongo, ndipo wosalandira mankhwala amwalira m'miyezi yowerengeka.

Mankhwala a odwala amene kacirombo kawafika mu ubongo anapezeka mu 1949, ochedwa melarsoprol. Anali a jekeseni, opangidwa ndi ciphe ca arsenic, ndipo anali kupha pafupi-fupi munthu mmodzi mwa anthu 20 owalandira. Madotolo anawagwiritsa nchito zaka zoposa 70 pakuti panalibe ena. Mapiritsi akumwa masiku 10, ochedwa fexinidazole, anayesedwa pa odwala ku Rumphi m'Malawi ndi ku Lwala m'Uganda, ndipo akatswiri a mankhwala a ku Ulaya anawabvomereza mu 2023. Kucokera pa kupezeka kwa kacirombo kufikira pa mapiritsi amenewa panapita zaka 113. Odwala kaodzera ndi owerengeka, ndi amphawi, ndipo akhala kutali ndi mizinda. Opanga mankhwala a malonda saonapo phindu. Nthenda yotere ifuna ofufuza amene acidziwa cigwaco, amene alankhula cinenero ca odwala, ndi amene sadzacoka zaka za ulendo wao zitatha.

Makomo akuti ana a mu Zambia alowe nchitoyi anatseguka pang'ono-pang'ono. Masikolashipi a Commonwealth anayamba mu 1959. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Mu 1975 bungwe la World Health Organization linakhazika ku Ndola malo ofufuzira nthenda za maiko otentha, ochedwa Tropical Diseases Research Centre, amene boma la Zambia linawatenga mu 1981. Mu 2015 nthambi yochedwa TDR, yokhala pansi pa bungwe lomwelo, inasankha mayunivesite 7 a m'maiko osiyana-siyana kuti aphunzitse ofufuza ndi ndalama zace, ndipo Yunivesite ya Zambia inali imodzi mwa iwo. Beit Trust nayo ipereka masikolashipi a digiri zapamwamba kwa mbadwa za Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, zokaphunzira ku Britain ndi ku South Africa.

Opempha ndi ambiri, malo ndi ocepa. Osankha ayang'ana mamalikisi a digiri yoyamba, makalata a aphunzitsi ocitira umboni, ndi cikalata cimene wopempha alembamo funso limene afuna kufufuza ndi njira yolifufuzira. Afunsanso ngati adzabwerera kwao. Funso limeneli si lacabe, pakuti ena amene anatumizidwa kunja sanabwere, poona kuti kwao kulibe zipangizo ndi malipiro okwanira. Ndipo dziko limene linawalera linangotsala ndi mbiri yao.

Tsono mphunzitsi wa pa sukulu ya kumudzi, yopanda magetsi ndi labotale, gawo lace ndi lotani? Loyamba ndilo kudziwitsa. Mwana sangafune njira imene sanaimve, ndipo kholo silingalole mwana wadigiri kupitiriza maphunziro ngati liganiza kuti kugulitsa ng'ombe kuyambanso. Mphunzitsi amene afotokoza pa msonkhano wa makolo kuti ziripo ndalama zotere, ndi kuti zipatsidwa kwa atsikana monga kwa anyamata, wacita cacikuru.

Laciwiri ndilo masamu ndi kulemba. Wofufuza awerenga tizirombo, ayerekeza odwala amene acira ndi amene sanacire, ndipo alemba zimene wapeza m'Cingerezi comveka. Mwana amene anathawa tizigawo ta masamu m'kalasi lacisanu adzabvutika nato pa msinkhu uliwonse.

Lacitatu, lopambana onse, ndilo cizolowezi ca kulemba zoona. Ana akhoza kuyesa mvula ya tsiku ndi tsiku m'citini. Akhoza kutunga madzi a m'cithaphwi m'botolo, kulibvundikira ndi kansaru, ndi kuwerenga masiku kufikira timphutsi tasanduka udzudzu. Akhoza kuona m'buku la maina mwezi umene ana ambiri ajomba cifukwa ca malungo. Mwana akalemba masiku 9 pamene buku linena 10, mphunzitsi asamkalipire, koma amfunse umo anawerengera, ndi kumuuza ayesenso. Mwana wophunzitsidwa kusintha cimene waona kuti akondweretse wamkuru sadzakhala wofufuza wokhulupirika, ngakhale atalandira ndalama zambiri. Ndipo bodza la m'labotale likathera m'thupi la wodwala.

Kucokera pa kalasi loyamba kufikira pa PhD papita zaka zoposa 20, ndipo mphunzitsi woyambayo kapena sadzaona mathero ace. Dzina lace silidzalembedwa pa cikalata ciri conse. Komatu osankhawo angasankhe okhawo amene afika pakhomo pao, ndipo owafikitsa ndi aphunzitsi. M'mera mpoyamba. Aliyense pobwerera ku sukulu yace aganizire za mwana uja wa mafunso osatha, amene nthawi zina atopetsa kalasi, ndipo amuuze kuti iripo nchito imene munthu alipidwa cifukwa ca kufunsa, ndi kuti odwala a m'cigwa alikuyembekeza oigwira.