Nkhalango Zosayoyola Masamba za m'Mapiri a California

Ana athu adziwa kuti m'cilimwe mitengo yambiri iyoyola masamba. Tsono pakuwaphunzitsa za nkhalango zobiriwira caka conse, tisangowalembera maina a mitengo pa bolodi, koma tiwauzenso cifukwa cake.

Titenge citsanzo ca mapiri a m'mbali mwa nyanja ya Pacific, ku California. Kumeneko mvula yambiri igwa kuyambira November kufikira March, nyengo yao yozizira. Miyezi yotentha ikhala youma. Nanga mitengo ipirira bwanji? Coyamba, nkhungu yocokera kunyanja ikuta mapiri, madzi ake nasonkhana pa masamba, nadonthera pansi. Mitengo ya redwood, imene ina ipitirira mamita 110 kutalika, idalira nkhungu imeneyi. Caciwiri, Douglas fir ali ndi masamba onga singano, ndipo tanoak ndi madrone, yomera pansi pake, iri ndi masamba olimba ngati cikopa. Masamba otere sataya madzi msanga. Moto ukaocha, tanoak ndi madrone iphukanso pa citsa, monga icitira mitengo ya m'thengo mwathu.

Koma tanoak ali m'tsoka. Eni dziko ankadya mbeu zake, ndipo azungu anakungula makungwa ake ofufutira zikopa. Kuyambira zaka za m'ma 1990, nthenda ya sudden oak death yapha mitengo imeneyi miyandamiyanda.

Potsiriza ndikupemphani: turukani nao ana m'September, akhudze tsamba la msuku, aone mitengo ya kumtsinje ndi ya kumtunda, nanene okha cimene cisunga ina yobiriwira. Akatero, phunziro la California silidzawabvuta.