MAFUNDE A MWERA NDI PHUNZIRO LAKE KWA MSILAMU



Olemekezeka ma Sheikh athu, akuluakulu a komiti ya mzikiti, makolo athu, abale ndi alongo m'Chisilamu, tikuyamika Allah amene watisonkhanitsa pa tsiku la Idi lino tili amoyo. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.).

Lero tafuna tikambirane za namondwe wa panyanja. Mwina wina adabwa kuti, kodi ife a ku Linthipe, anthu a kumtunda olima mbatata ndi nyemba, za mafunde zikutikhudza pati? Abale, zikutikhudza ndithu. Mtsinje wa Linthipe umene timauwoloka pa msewu wa M1 umakathira m'nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Usipa umene timadyera nsima umachokera komweko. Ndipo anyamata athu ambiri, ena a iwo tinawaphunzitsa alifu ndi bee pa madrasa pano, amatsikira ku Senga Bay ndi ku Chipoka kukapikula nsomba, ena mpaka kukalowa ganyu m'mabwato.

Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo kumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Kuyambira mwezi wa May kufikira August kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakuvuma. Ikamatizizira kuno ku Dedza ife timangofunda zikwete ndi kuotha moto, koma kunyanja imeneyo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Popeza nyanja inagona motalika kuchokera kummwera kunka kumpoto, mwera umakankha madzi mtunda wautali popanda chouletsa, motero mafunde amanka nakula, mpaka kupitirira msinkhu wa munthu.

Asodzi amene anakumanapo ndi mwera pakati pa nyanja amasimba zoopsa. Amati bwato likatsikira pakati pa mafunde awiri, gombe silioneka, phiri silioneka, ukungoona madzi kutsogolo ndi madzi kumbuyo. Nyali zokopera usipa zimazima. Pamenepo mpalasi wodziwa amalunjikitsa mphuno ya bwato ku funde, chifukwa funde likamenya m'mbali bwato limagudubuzika. Wina agwire nkhafi, wina akape madzi, ndipo pasapezeke woimirira. Zikafika povuta amataya m'madzi nsomba zimene avutikira usiku wonse, ngakhale khoka lomwe. Chuma chimapezekanso, koma moyo sagula pa msika.

Izi si za lero zokha. Jumbe Salim bin Abdullah atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, zombo zake za matanga zinkaoloka nyanja yomweyi. Zombozo zinabweretsa aphunzitsi a Chisilamu, komanso, tisabise, zinanyamula akapolo omangidwa amene analibe pothawira mafunde akakula. David Livingstone naye anakumana ndi mphepoyi mu 1861, ndipo anaitcha nyanja ya anamondwe.

Ngozi imene Amalawi sadzaiwala ndi ya sitima ya Vipya. Pa 30 July 1946, m'nyengo ya mwera, sitimayi inanyamuka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, ili ndi anthu 194. Inali sitima yachitsulo, yatsopano, pa ulendo wake wachinayi chabe. Itayandikira Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, mafunde anaigubuduza ndipo inamira. Anthu 145 anafera pomwepo, pamodzi ndi woyendetsa wake Captain Farquharson. Opulumuka anali 49 okha. Mukapita ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, mukapeza chikumbutso cha anthu amenewa. Patapita zaka zisanu, mu 1951, ndi pamene Ilala inayamba kuyenda.

Tsono abale, tiphunzirepo chiyani?

Choyamba, munthu ndi wochepa mphamvu. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Yunus ndi mu Surat Luqman, ikutifotokozera khalidwe la anthu a m'chombo. Mafunde akawazinga amapempha Allah yekha ndi mtima woona, koma akangoponda pamtunda ambiri amaiwala. Kodi si ife amenewa? Mwana akadwala, mvula ikadula, ngongole ya feteleza ikatipana, mzikiti umadzaza. Zikayenda bwino, pa Swala ya Fajr timasowa wodzaza naye mzere woyamba. Tiyeni timukumbuke Allah madzi ali bata, tisadikire namondwe.

Chachiwiri, kuyadzamira kwa Allah si kutayirira. Mneneri Nuhu (A.S.) sanangokhala manja lende kudikira chipulumutso, analamulidwa kukhoma chombo chigumula chisanafike, anthu akumuseka. Masiku ano a zanyengo amachenjeza pa wailesi ndi pa mafoni mwera ukamabwera. Mnyamata amene wamva chenjezo, nkukwerabe bwato lodzaza anthu ndi matumba mpaka madzi kulekeza m'milomo mwake, nkumati "zonse ndi Allah," ameneyo sanamvetse tawakkul. Moyo ndi amana, tinangosungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa za iwo. Chosamva anachiphikira m'masamba.

Choncho inu achinyamata amene mumapita kunyanja, imvani malangizo awa. Funsani eni gombe za mphepo musanakwere, pakuti iwo amaidziwa nyanja kuposa ife a kumtunda. Bwato likadzaza, tsikani, dikirani lina. Pamene pali jekete yoyandamitsa, valani, musachite nayo manyazi. Ndipo kwanu kuno adziwe doko limene mukukwerera ndi tsiku lobwerera. Inunso makolo, musamukakamize mwana kuti abwere ndi ndalama za Idi zivute zitani. Ndi bwino abwere chimanjamanja kusiyana ndi kulandira uthenga wa maliro opanda mtembo woti tiusambitse ndi kuuswalira.

Chachitatu, pa namondwe sapulumuka munthu payekha. Wopalasa akatopa wina amalandira nkhafi. Wokapa madzi akaleka, onse amamira. Mudzi wathu ndi bwato limodzi. Pogawa nyama ndi chakudya cha Idi, tiyambire kwa amasiye ndi amayi amene amuna awo anapita kukasaka ndalama osabwerako, kaya ndi Asilamu kaya si Asilamu. Ndipo mayi athu, pogula usipa pa msika wa Linthipe m'nyengo ya mwera mukaupeza wakwera mtengo, musanadandaule, kumbukirani amene anachezera nawo pamadzi, muwachitire duwa.

Tikupempha Allah awasunge onse oyenda panyanja, pamtunda ndi mlengalenga, awabweze kwawo ali amoyo, ndipo awachitire chisoni abale athu amene manda awo ndi madzi. Atilandire mapemphero athu ndi sadaka zathu. Ameen.

Idi yabwino kwa nonse. Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.