Sitima siikhota: mawu omwe ndinayankhula pa msonkhano wathu Loweruka

Munandipatsa mutu wa ngozi za pa njanji, ndiye ndakhala ndikuwerenga kwa masabata awiri. Ndiyambe ndi kuulula: chaka chatha ndinatsala pang'ono kufa ndili ndi nyimbo m'makutu. Ndinkayenda pakati pa njanji chifukwa m'mbali munali matope, hutala sindinaimve, amene anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato yemwe anandigenda ndi chibuma. Kunyumba sindinanene, mwina amva lero.

Ndikufuna ndikufotokozereni ngozi ziwiri zofanana ngati mapasa, ngakhale zinasiyana ndi zaka 113.

Yoyamba inachitika ku Armagh, m'dziko la Ireland, pa 12 June 1889. Sitima inanyamula anthu a Sande sukulu kupita kokasangalala kunyanja. Itafika pachitunda inalephera kukwera. Ogwira ntchito anaganiza zoidula pakati, akwere kaye ndi mabogi akutsogolo, akumbuyo awasiye atawapinga ndi miyala kumateyala. Miyala ija inaphwanyika, mabogi anabwerera okha kutsetsereka mpaka anawombana ndi sitima ina yomwe inkabwera m'mbuyo. Anthu 80 anafa, ndipo ena mwa iwo anali ana.

Yachiwiri ndi ya kwa aneba athu, ku Tenga m'dziko la Mozambique, pafupi ndi Maputo, pa 25 May 2002. Nkhani yake yomweyo: sitima kuvutika pachitunda, kuidula, mabogi a anthu kuwapinga ndi miyala. Anatsetsereka n'kukawomba mabogi onyamula simenti. Anthu pafupifupi 200 anataya miyoyo.

Tsono chinachitika n'chiyani itatha ngozi ya ku Armagh? Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo loti sitima zonyamula anthu zikhale ndi mabuleki ogwira okha pa bogi iliyonse. Nzeru yake ndi yosavuta. Paipi ya mpweya imayenda kuyambira ku injini mpaka ku bogi yomaliza, ndipo ndi mpweyawo umene umachititsa kuti mabuleki akhale omasuka. Sitima ikaduka, paipi nayo imaduka, mabuleki n'kugwira okha popanda munthu kukhudza. Amene anatchuka ndi mabuleki a mpweya ndi George Westinghouse wa ku America.

Kuchokera pamenepo, m'maiko ambiri ngozi iliyonse yaikulu yakhala ikubala lamulo kapena chida chatsopano, ndipo imfa za okwera sitima zakhala zikutsika. Ku Britain, kuyambira 2008 mpaka 2019 kunalibe wokwera sitima ndi mmodzi yemwe amene anafa chifukwa cha kugwa kapena kuwombana kwa sitima. Ku America, mu 1972 galimoto zinkawombana ndi sitima pa mphambano za njanji ndi msewu pafupifupi ka 12,000 pa chaka. Chaka chomwecho ku Idaho anayambitsa ntchito yophunzitsa anthu yotchedwa Operation Lifesaver, mageti ndi magetsi ochenjeza anawonjezeka, ndipo masiku ano chiwerengerocho chili cha m'ma 2,000.

Koma mvetserani apa. Kumeneko, ambiri mwa omwe akufabe pa njanji si okwera sitima ayi. Ndi anthu oyenda pa njanji ndi owoloka pa mphambano. M'kati mwa sitima mwakhala motetezeka, amene ali pangozi ndi wakunja. Wakunjayo ndine, ndinu, ndi achimwene a kabaza, ndi mwana wobusa mbuzi.

Kuno kwathu zinthu zasinthanso. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ya ku Nacala yodzera ku Liwonde ndi Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Makolo athu anazolowera sitima ya apo ndi apo, yoyenda ngati yatopa. Lero malasha a ku Moatize akudutsa m'dziko muno kudzera ku Nkaya kupita kudoko la Nacala, pa sitima zokoka mabogi oposa 100, usana ndi usiku. Ife tikuyendabe ndi chizolowezi cha agogo pa njanji yomwe si ya nthawi ya agogo.

Sitima ya katundu yothamanga makilomita 90 pa ola imafuna mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka kuti iime. Dalaivala akakuonani, nthawi yatha kale. Alibe chiwongolero choti akhote, chomwe angachite n'kuliza hutala, kumenya mabuleki, basi. Komanso chinthu chachikulu chimaoneka ngati chikuyenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake timadzinamiza kuti tidutsa kaye. Ndipo sitima ndi yotakata kuposa njanji, ndiye kuima m'mphepete penipeni si kuthawa.

Mbali ina ndi ya katundu. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji ku Chiromo, ndipo sitima inasiya kufika ku Bangula ndi Nsanje kwa zaka zambirimbiri. Mu 2003 mlatho wa pa Rivirivi kufupi ndi Balaka unapitanso ndi madzi. Njanji ikaduka, feteleza, mafuta ndi simenti zimadzera pamsewu, ndipo mtengo wake timaumva tonse pagolosale. Madzi sasankha dziko losauka: ngozi ya 2020 ku Scotland, yomwe inapha anthu atatu, inayamba ndi mvula yomwe inakokolera miyala pa njanji.

Mvula sitingailetse, koma zina ndi manja athu. Tikalima mpaka m'mphepete mwa njanji, dothi limatseka ngalande ndipo madzi amakumba pansi pa njanjiyo. Miyala ija ena amatapa kukamangira maziko a nyumba ndi imene imagwira njanji kuti isasunthe. Tizitsulo tomangira njanji timene ena amazula kukagulitsa pa sikelo tingagwetse sitima yomwe mwakwera amayi anu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tiwoloke pamalo owolokera okha, titaima, titayang'ana uku ndi uku, m'makutu mulibe kanthu. A kabaza, wokwera akakufulumizitsani, muuzeni atsike awoloke yekha. Zithunzi za pa Facebook tikajambulire kwina. Tikaona njanji yakumbika ndi madzi kapena chitsulo chazulidwa, tiuze a pa siteshoni kapena apolisi tsiku lomwelo. Ndipo atcheyamani, ndikupempha kuti mwezi wamawa tipite pa pulayimale tikayankhule ndi ana, poti ambiri amadumpha njanji kawiri pa tsiku. Ine ndakonzeka kukawauza nkhani ya chibuma ija.

Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anzathu anaphunzira atakwirira anthu 80. Ife tisadikire maliro.