Pulogalamu imafa koma luso limatsala

Sabata yatha wina anandifunsa kuti, "Ndiphunzire pulogalamu iti kuti ndizipanga makatuni?" Ndisanayankhe, ndiloleni ndikuuzeni kaye za pulogalamu ina yomwe inali dolo pa intaneti koma lero kulibe. Dzina lake ndi Flash.

Mu 1996 kakampani ka ku America kotchedwa FutureWave kanatulutsa FutureSplash Animator. Kumapeto kwa chaka chomwecho kampani ya Macromedia inaigula n'kuitcha Flash. Masiku amenewo intaneti inkadzera pa waya wa lamya, moti chithunzi chimodzi chokha umadikira mpaka kutopa. Nzeru ya Flash inali apa: m'malo mosunga kadontho kalikonse ka chithunzi, inkasunga malangizo okha, akuti mzere uyambire apa, ukhotere apo, ukhale wofiira. Choncho fayilo inkakhala yaing'ono n'kumatseguka msanga. Chinanso, ukaika mpira kumanzere koyambirira ndi kumanja kumapeto, pulogalamuyo inkadzaza yokha zithunzi zapakati, mpira uja n'kumaoneka ukuyenda.

Anthu anaikonda kwabasi. Anapangira makatuni, magemu ndi zotsatsa malonda. Ngakhale YouTube itayamba mu 2005, mavidiyo ake ankaonetsedwa kudzera mu Flash. Chaka chomwecho Adobe inagula Macromedia.

Ndiye chinavuta n'chiyani? Foni. iPhone itatuluka mu 2007 sinkalola Flash. Mu 2010 Steve Jobs analemba kalata yofotokoza zifukwa: Flash imamaliza batire, chitetezo chake n'chofooka, anaipangira mausi osati chala, komanso mwini wake ndi kampani imodzi. Pamenepo n'kuti HTML5 ikubwera, yotha kuonetsa vidiyo ndi zoyendayenda popanda kuwonjezera pulogalamu ina. Mu 2017 Adobe inalengeza kuti Flash Player ithetsedwa, ndipo pa 31 December 2020 inathadi. Ntchito zambiri zomwe anthu anakhetsera thukuta zinangosiya kutseguka. Zina zapulumuka chifukwa cha Internet Archive ndi kapulogalamu kotchedwa Ruffle.

Tsopano ndiyankhe funso lija. Yambani ndi pulogalamu iliyonse yomwe foni kapena kompyuta yanu ingakwanitse. Blender ndi yaulere. Adobe Animate, lomwe ndi dzina latsopano la pulogalamu yopangira Flash kuyambira 2016, ndi yolipira. Koma chofunika kuchigwira ndi ichi: mpira umathamanga pogwa, umafwamphuka ukagunda pansi, n'kuchepa liwiro pokwera. Ukadziwa kujambula zimenezi, pulogalamu ikasintha umangosamuka nalo luso lako.

Pomaliza, chonde musamasunge ntchito yanu mu fayilo ya pulogalamu yokhayo ayi. Mukamaliza, itulutseninso ngati MP4, zojambula zanu ngati PNG, ndipo muzisunge malo awiri. Amene muli ndi mafoni, Loweruka likubwerali mubwere nawo, tidzayambe ndi mpira umenewu.