Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira ntchito yobzala mitengo ku Ntchisi



Tisanagwire makasu, ndiloleni ndinene za pangano la CITES, lomwe mayiko adasaina ku Washington mu 1973 pofuna kuwongolera malonda a nyama ndi mitengo yakutchire yodutsa malire. Malawi adalowamo mu 1982. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mayikowa amakumana, aliyense ndi pempho lake, kenako amaponya voti.

Musaganize kuti ife timangopitako kukawomba m'manja. Mu 2019 ku Geneva, ndi Malawi amene adapempha kuti mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje zilowe m'ndandanda wa mitengo yotetezedwa, ndipo zidatheka. Mu 2022 ku Panama mayiko adawonjezera mlombwa ndi mbawa. Inde, mlombwa womwewu umene akalipentala a pa Mponela amapangira zitseko! Matabwa ake saloledwa kutuluka m'dziko popanda chikalata chotsimikiza kuti kudulako sikukutha mtunduwo. Ngaka nayo, kuyambira pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016, malonda ake ndi oletsedwa kotheratu, ndipo lamulo lathu la 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30.

Pamene pali mkangano ndi pa minyanga ya njovu. Anzathu a ku Namibia, Botswana ndi Zimbabwe akhala akupempha kuti aloledwe kugulitsa minyanga imene adasunga, ati ndalama zake zithandize kusamala nyama. Dandaulo lawo ndikulimva, koma ine sindigwirizana nawo. Mnyanga ukafika pamsika sunena kwawo. Njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kunkhalango ya Nkhotakota, kuseri kwa mapiri awa, mu 2016 ndi 2017, chifukwa zakale zidatsala pang'ono kutha ndi opha nyama mozembera. Msika ukatsegulidwa, mfuti zidzayambiranso pomwepo.

Komabe amene akatiyimire kumisonkhanoko adzayambe abwera kuno. Adzakhale pamphasa ndi mayi amene njovu zamudyera chimanga chitangoyamba kukhwima, amve momwe amagonera panja ndi nsakali zamoto n'zitini. Kukanena zoteteza njovu osatchula mayiyu n'kunama.

Tsono mafumu anga, pali china chomwe CITES singatichitire. Pangano limeneli limagwira ntchito pachipata cha dziko basi. Thumba la makala lochoka ku Kongwe panjinga mbandakucha kulowera ku Lilongwe silidutsa malire alionse. Msuku ndi mombo wogwetsedwa kuti ukhale milimo ya chigafa cha fodya sudziwika ku Geneva. Zimenezo ndi za inu, za makomiti a m'midzi, ndi za ife amene timagula makalawo m'tauni, osadzichotsapo.

Mbande zili apo, mvula yanyowetsa nthaka. A gulupu, sukulu iliyonse ipatsidwe mzere wake, ndipo tidzabwerenso mu Okutobala kudzawerenga zomwe zapulumuka kumoto wolusa ndi mbuzi.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ntchito yobzala mitengo yatsegulidwa.