Usipa Wonse Usathere pa Msika



Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti ana 63 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali operewera magazi. Malungo ndi likodzo zimathetsa magazi, komanso kadyedwe kathu kali ndi mbali yake.

Thupi limapanga magazi ndi mchere wa ayironi. Kondowole ali ndi ayironi wochepa. Chigwada, bonongwe ndi nyemba zili naye, koma thupi limatengako pang'ono. Ayironi wa mu usipa, utaka ndi nkhanu amalowa msanga, ndipo nsomba ikadyedwa pamodzi ndi masamba imathandiza kuti wa m'masambamo alowenso. Usipa tidye wonse, ndi mutu womwe.

Mandimu, magwafa ndi malambe zimathandizanso. Soda amaononga vitamini C wa m'masamba, choncho tichepetse. Tiyi amatsekereza ayironi. Tidikire ola limodzi tikadya.

Abambo, ngalawa ikafika padoko, yambani mwapatula ndiwo za ana ndi amayi oyembekezera, malonda pambuyo. Makomiti, kakumbutsaneni zimenezi m'misonkhano yanu.